Mmene Gologolo Anakhalira Mlawi wa Mowa wa Boma

Padangokhala, padangotero. Amene muli nane nenani kuti tili tonse, ndipo amene wabwera ndi tulo atsamire khoma asagwere anzake.

Kalekale, nyama zili ndi boma lawolawo, kunagwa matenda achilendo. Sichinali chifuwa, sanali malungo. Nyama inkayamba ndi kunjenjemera manja m'mawa, kenaka maso n'kusanduka achikasu, mimba n'kufufuma ngati yameza dzungu lathunthu, miyendo n'kumakana kutsata njira. Ndipo matendawa ankasankha. Ankagwira okhawo amene sankajomba pabwalo pa Nachanza.

Nachanzayu anali mkazi wa Gologolo, ndipo pofulula masese panalibe womufika. Mowa wake ukapsa sankachita kuitana anthu, fungo lokha linkapita kukagogoda m'makomo. Ndiye matenda atachuluka, nyama sizinavutike n'kuganiza. Njiri, kapitawo wa zidakwa zonse, mwini mimba yoposa za anzake, anatsogolera gulu kupita kwa a Njati, nduna ya zaumoyo.

"Bwana nduna, mkazi uja akutithira mankhwala," anatero Njiri. "Taonani mimbayi. Ine ndine mwamuna, pathupi ndapatenga kuti? Achoke m'dziko muno ameneyo!"

A Njati sanali opupuluma. Anayamba abzikula, n'kubzikulanso, kenaka anafunsa kuti, "Munamuona akuthira?"

"Mfiti imaitana mboni ikamathira, bwana?"

"Ndiye tifufuze kaye," anatero a Njati. "Nachanza asiye kufulula. Boma lipereka nkhokwe yodzaza ndi chimera, mbiya, nkhuni ndi nyumba imodzi yaikulu. M'menemo mukhale ofufuza atatu: a Kadzidzi odziwa za maso, a Nungu odziwa za m'mimba, ndi a Ng'azi odziwa za kayendedwe. Ayambe afulula mowa wawo, wosakhudzidwa ndi dzanja la Nachanza, amwetse ofuna kumwa, aone zimene umachita m'thupi. Akatero ayese wa Nachanza, asiyanitse. Zonse ndatchulazi n'za onse atatu pamodzi. Palibe mwini."

"Nanga akapanda kupeza kanthu?" anafunsa Njiri.

"Tsiku limene nkhokwe idzathe, akadzakhala kuti alibe yankho, sindidzakutsekerezaninso. Nachanza adzachoka."

Gologolo anali kumapeto kwa gulu. Atamva mawu omalizawo mchira wake unagwa pansi wokha.

Tsono ofufuza atatu aja anali akuluakulu ndithu, koma sankamwerana madzi. A Nungu ankati a Ng'azi amanyambita nzeru za anzawo ndi lilime lawo la mphanda lija. A Ng'azi ankati a Kadzidzi amayang'anitsitsa ngati akukuwerenga nthiti. A Kadzidzi ankati kukhala pafupi ndi a Nungu n'kufuna kubayidwa dala. Ndiye tsiku loyamba lomwelo anamweta tsekera n'kumanga mipanda itatu m'kati mwa nyumba, kuchokera pamzati wa pakati kukafika kukhoma. Aliyense anaboola khomo lake, anakokera mbiya zake m'chipinda chake. Nkhokwe yokha ndiyo inawakanika kugawa, choncho aliyense ankatapa chimera choposa chimene ankafuna, kuopa kuti anzake angamupose.

Apa ndiye panali vuto, ndipo mumve bwino. Mwambo wa mowa mukuudziwa. Wopereka chipanda amayamba iye kumwa pamaso pa wolandira, kumene timati kuchotsa ufiti. Pabwalo pa mowa izi sizivuta. Mwini mowa amalawa kamodzi onse akuona, basi, chipanda chizizungulira. Koma ofufuza athuwa atagawa nyumba, zipinda zinachepa moti munkalowa womwa mmodzi yekha. Akalowa Njiri, a Nungu alawe. Njiri akatuluka n'kulowa Nyani, Nyaniyo sanaone kulawa koyamba kuja, ndiye a Nungu alawenso. Akalowa wina, alawenso. Dzuwa likamafika paliwombo, m'zipinda zonse zitatu munkangomveka mkonono. M'mawa mwake ofufuza ankadzuka ndi matsire, osakumbuka ngakhale amene anamumwetsa, n'kuyambiranso.

Gologolo anaonera zonsezi ali padenga, atasendeza udzu pang'ono. Atafika kunyumba anapeza Nachanza akutsuka mbiya zouma kale, kungoti manja apeze chochita.

"Chilape," anatero Gologolo.

"Ino si nthawi ya zilape, bambo."

"Chilape basi, mayi."

"Nachize."

"Alenje atatu anapita kukasaka chilombo. Madzulo chilombo chija chinabwera kumudzi chitawasenza onse atatu."

Nachanza anaika pansi mbiya. "Ndi ofufuza aja?"

"Ndi omwewo."

"Ndiye ndiyambe kumanga katundu."

"Musamange kanthu. Mphasa yanu ikhale poyala pomwepo."

Kuyambira tsiku limenelo, Gologolo akamapita kunyumba ya kafukufuku ankayamba waima pankhokwe ya boma. Ankaigogoda ndi chala n'kuyimba kanyimbo kake. Nyimboyo inali yopempha nkhokwe kuti isafulumire kuonda, idye pang'onopang'ono ngati mlendo wamanyazi, chifukwa kunyumba kuli mphasa imene sikufuna kupindidwa. Mzere uliwonse ukatha ankasiya mpata kuti nkhokwe ivomere, ndipo kuvomera kwake kunali kulira kwa chala chija pabango. Tsiku loyambalo nkhokwe inavomera ndi mawu olemera, a mimba yokhuta.

Nzeru yoyamba ya Gologolo inali ya madzi. Masana, mkonono utakolera, analowera padenga n'kutsira madzi m'mbiya zonse za m'zipinda zitatu. Ankati mowa ukafatsa, ofufuza akhala maso mpaka madzulo, aona chimene anatumidwa kuona.

M'mawa mwake Njiri analowa kwa a Nungu. A Nungu analawa, anamva kuti china chake chalakwika, koma anangopukuta pakamwa n'kupereka chipanda. Njiri anamwa kamodzi, n'kuyang'ana m'chipanda, n'kuyang'ana a Nungu.

"Adokotala, awa ndi madzi otsukira mbiya."

"Ndi mowa wa kafukufuku umenewo. Umakhala wofatsa."

"Wofatsa? Uwu wamwalira." Njiri anatulutsa mutu pakhomo. "Anzanga, boma layamba kutimwetsa mtsinje!"

Kuzipinda zinazo nako kunali chimodzimodzi. Zidakwa zinagubuduza mbiya zonse, mowa wamadzi uja n'kumwedwa ndi dothi. Ofufuza anachita manyazi, aliyense akuyesa kuti ndi iye yekha amene walephera kufulula. Ndiye aliyense anapita kunkhokwe mobisala n'kutapa chimera chowirikiza, kuti mowa wotsatira udzalume ndithu. Ndipo unalumadi. Ulendo uno mkonono unkayamba dzuwa lisanafike n'komwe paliwombo.

Gologolo anaimanso pankhokwe, anagogoda, anayimba kanyimbo kake kaja kopempha kuti isafulumire kuonda. Nkhokwe inavomera, koma mawu ake anali atapepuka. Pamwamba inkalira ngati ng'oma, pansi pokha ndi pamene inali idakali yolemera.

Nzeru yachiwiri inali ya milomo. Gologolo anapita m'mamawa, ofufuza asanalawe kanthu, n'kulowa kwa a Ng'azi atanyamula mtolo wa nkhuni.

"Mwadzuka bwanji, akuluakulu?"

"Mutu, Gologolo, mutu. Ntchito ya boma ndi yolemera."

"Ndikuona. Koma ndimati ndifunse. Mwambo umati wopereka amwe, kapena umati aoneke akumwa?"

A Ng'azi anatulutsa lilime, analibweza. "Ukutanthauzanji?"

"Kwezani chipanda, nyowetsani milomo, pukutani ndi dzanja, munene kuti aaa. Ndani alowe m'kamwa mwanu kukayeza?"

A Ng'azi anaikonda nzeruyo, n'kumuuza kuti asakauze anzawo aja. Gologolo analonjeza, anatuluka, n'kukalowa kwa a Nungu ndi mtolo wina wa nkhuni, kenaka kwa a Kadzidzi.

Koma Njiri anakulira pamowa. A Ng'azi atakweza chipanda n'kunena aaa wawo uja, Njiri sanatambasule dzanja.

"Bwerezani, adokotala."

"Ndalawa kale."

"Kholingo silinayende. Ine ndimayang'ana pakhosi, osati pamilomo." Njiri anabwerera m'mbuyo mpaka matako anagunda mpanda. "Mwathiramo chiyani chimene inuyo mukuopa? Mowa wosalawidwa ine sindimwa, ngakhale ukhale wa boma. Makamaka wa boma."

Nkhani inafalikira panja. Zidakwa zinagwirizana kuti popeza ofufuza ayamba chinyengo, kuyambira tsopano wolawa azimeza katatu, momveka, womwa atagwira chala pakhosi pake. Ndiye mmene zinalili kale zinali bwinoko.

Madzulo amenewo Nachanza anamulandira mwamuna wake pakhomo. Anangomuyang'ana mchira. Unali pansi.

"Bambo," anatero, "nzeru zanu zikudya chimera kuposa ofufuzawo."

"Ndamva, mayi."

"Kwathu n'kutali. Ndikapita, simudzatha kubwera kudzandiona mwezi ndi mwezi."

"Simupita."

M'mawa Gologolo anaima pankhokwe kachitatu. Anagogoda, anayimba, koma ulendo uno anayimba motsitsa, ndipo pamene nyimbo imatchula mphasa anachita kubwereza. Nkhokwe inavomera ndi mawu a chigubu chopanda kanthu, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Anasuzumiramo. Munatsala chimera chofulira kamodzi kokha.

Anakhala pansi n'kuganiza. Anaona kuti ulendo woyamba analimbana ndi mowa, wachiwiri analimbana ndi mwambo, ndipo zonsezo zinamugwetsa. Chimene anali asanachikhudze chinali mipanda ija.

Mowa womaliza uli pafupi kupsa, Gologolo anapita kwa a Kadzidzi. Sananyamule nkhuni. Analowa chogwada, akuomba m'manja.

"Akuluakulu, ndabwera ndi chisoni. Dzulo ndinamva nyama zikuseka kuchitsime."

"Zikuseka ndani?"

"Ndisanene."

"Nena."

"Zimati a Kadzidzi, ndi maphunziro onse aja, amadzilawira okha mowa ngati mayi wa pamsika. Zimati wamkulu weniweni amakhala ndi mlawi wake, iye n'kungokhala pampando kuyang'ana."

A Kadzidzi anatembenuza mutu mpaka kumsana, n'kuubweza. "Mlawi ndimupeza kuti?"

"Ine ndilipo. Ndizilawa ndine, ndizipereka chipanda ndine. Mwambo ukwanira, inu osanyowetsa ndi mlomo womwe."

"Ukhale wanga ndekha. Enawo asadziwe."

"Mukandifuna mungoitana, ndiyankha."

Anatuluka, anazungulira, analowa kwa a Nungu ndi chisoni chomwecho. Kwa a Ng'azi anafika nacho chisonicho chitakula.

Tsiku la mowa, Gologolo analawirira. Anakwera padenga, anatsikira pamzati wa pakati, n'kukhala pamwamba pomwe mipanda itatu ija inkakumana. Zidakwa zinafika n'kuima pamakomo atatu. A Kadzidzi anakonza kukhosi n'kuitana mwaulemerero kuti, "Mlawi!"

Nthawi yomweyo a Nungu nawo anaitana, "Mlawi wanga!" A Ng'azi nawonso, "Mlawi!"

"Wawa!" anayankha Gologolo ali pamzati.

A Nungu anayang'ana m'mwamba.

"Gologolo, tsikira kuno," anatero a Nungu.

"Ndikufuna kutero, akuluakulu, koma ndikatsikira kwanu ndiye kuti ndanyoza a Kadzidzi amene anayamba kuitana. Ndikatsikira kwa a Kadzidzi ndanyoza a Ng'azi amene anaitana mokweza. Ine ndi kanyama kakang'ono, sindingathe kunyoza wamkulu aliyense. Tachitani izi. Sendezani udzu pang'ono pafupi ndi mzatiwu, mundipatsire chipanda pomwe ndilipa."

A Nungu anasendeza udzu pang'ono. A Ng'azi atamva kuphwanyika kwa udzu anaganiza kuti mnzawo akufuna kuwalanda mlawi, ndiye anang'amba mbali yawo mokulirapo. A Kadzidzi sanafune kutsalira, anakoka ndi zikhadabo zonse. Njiri anali pakhomo, ludzu litamufika m'maso.

"Kodi akulawa ndani uko? Ine sindikuona!"

"Bwerani pafupi, akapitawo," anatero Gologolo. "Ndipo itanani anzanu onse aone, chifukwa ine kamimba kanga n'kakang'ono, ndilawa kamodzi kokha."

Kamodzi kokha! Zidakwa zitamva zimenezo zinakankhana kulowa pamakomo onse atatu nthawi imodzi, aliyense kuopa kuti akapanda kuona ndi maso ake samwa. Mipanda ya tsekera ingalimbane ndi mimba ya Njiri? Inagwa yonse itatu, fumbi koboo. Fumbi litatsika, nyumba inali imodzi monga mmene boma linaiperekera, ndipo nyama zonse zinali m'kati, zikuonana.

Gologolo anatsika. Anati mowa wa m'mbiya zitatu uthiridwe m'mbiya imodzi, kuti asachite kulawa katatu. Anatunga chipanda, anaitana Njiri kuti agwire chala pakhosi pake, anameza momveka, n'kupereka. Chipanda chinayamba kuzungulira chokha, dzanja ndi dzanja.

Ofufuza atatu aja anangokhala, manja ali opanda kanthu. Kanali koyamba chiyambire ntchito kuti mowa uzimwedwa iwo osalawako. Kanalinso koyamba kuti aonane nkhope chimangire mipanda. Poyamba aliyense anayang'ana kumbali. Koma wozolowera ntchito yake maso sagona. A Kadzidzi anapezeka akuyang'anitsitsa a Nungu.

"A Nungu, tayang'anani kuno."

"Mwayamba kale kuyang'anitsitsa kwanu kuja?"

"Tsitsani chikope. Ayi, chinacho." A Kadzidzi anasendera pafupi, kuiwala minga. "Maso anu ndi achikasu. Chikasu chake n'chomwechija cha Njiri."

"Anu omwe ndi achikasu!"

"Anga ndinabadwa nawo. Anu anali oyera tsiku limene tinalandira nyumba ino."

A Nungu anafuna kuyankha, koma maso awo anali atagwera pamimba ya a Ng'azi. Anazula munga umodzi, n'kudina ndi kumbuyo kwake cha kumanja, pansi pa nthiti. A Ng'azi anadumpha.

"Mayo!"

"Chiwindi chatupa ichi. Mwayamba liti kumva kupweteka?"

"Ndimayesa ndi nkhawa ya ntchito." A Ng'azi anapuma kaye, kenaka anati, "A Kadzidzi, tayendani kuchoka apo kukafika pakhomo."

A Kadzidzi anayenda. Analinga pakhomo, anakafika pambiya.

Atatuwo anakhala pansi moyandikana, zidakwa zili kalikiliki ndi chipanda chawo.

"Mowa wa Nachanza munamwapo?" anafunsa a Nungu motsitsa.

"Chibadwire sindinapondepo pabwalo pake," anatero a Kadzidzi.

"Ine ngakhale mowa sindinkamwa," anatero a Ng'azi. "Ndayambira muno."

"Chimera n'cha boma. Madzi tinatunga tokha. Kufulula tinafulula tokha." A Nungu anayang'ana manja awo akunjenjemera. "Anzanga, yankho talipeza. Mulibe mankhwala m'mowa wa mkazi uja. Ndi mowa womwewo, ukamamwedwa tsiku ndi tsiku mosapumira."

Gologolo anali kuseri kwa mbiya, ndipo mchira wake unayamba kudzuka. Koma a Kadzidzi anapitiriza.

"Tikanena zimenezi kwa nduna, atifunsa kuti tadziwa bwanji."

"Ndiye?"

"Ndiye tinene kuti tamwa nkhokwe ya boma mpaka kudwala? Ife? Pabwalo, ana akumva?"

Kenaka a Ng'azi anati, "Tikhoza kungonena kuti nthawi inachepa."

"Chimera chinali chofumbwa," anawonjezera a Nungu.

"Mkaziyo ali ndi kwawo," anatero a Kadzidzi. "Sakafera m'tchire."

Mchira wa Gologolo unagwanso. Anaganiza kaye kuseri kwa mbiya kuja, kenaka anatulukira akuomba m'manja, nkhope ili yodzaza ndi ulemu.

"Pepani akuluakulu, makutu alibe chitseko, ndamvako pang'ono. Ndimati ndingofunsa chinthu chimodzi, kuti ndikamakafotokozera ana anga ndisadzalakwitse dzina. Mwa atatu inu, anayamba ndani kuganiza nzeru imeneyi?"

"Nzeru iti?"

"Yoyesa matenda pathupi lanu lomwe. Ofufuza wamba amamwetsa ena, iwo n'kuima patali. Koma inu munati ayi, tilowemo tokha, timve ndi chiwindi chathu, kuti nyama zipulumuke. Ine chibadwire sindinamvepo kulimba mtima kotere. Boma likamva, amene anayambitsayo sindikudziwa kuti limuveka chiyani. Ndiye ndimati, ndani?"

Ofufuza anayang'anana.

"Kunena zoona," anayamba a Nungu, "ine ndinaziganiza tsiku loyamba lomwe."

"Tsiku loyamba?" anatero a Ng'azi. "Ine amene sindinkamwa n'komwe, n'kudzipereka thupi langa loyera? Tadinani apa mumve chiwindichi. Chanu chafika pamenepa?"

"Nonse awiri munkagona dzuwa lili paliwombo," anatero a Kadzidzi. "Ine ndinkadzuka masana n'kulawanso ndekha, popanda wondikakamiza."

Anakangana mpaka madzulo, ndipo m'mawa mwake anachita kupikisana kuthamangira kwa nduna.

A Njati anaitanitsa bwalo, popeza nkhokwe inali itatha. Nachanza anakhala kutsogolo pansi, atafunda nsalu kumutu. Njiri ndi gulu lake anakhala mbali ina. Ofufuza anayankhula molandizana, aliyense akuonetsa chake: uyu maso, uyu mimba, uyu kudzandira, ndipo aliyense akulumbira kuti anamwa kuposa anzake. A Njati anamvetsera akubzikula. Kaya anakhulupirira za kudzipereka zija, kaya ayi, nkhope yawo sinanene.

"Funso langa ndi limodzi," anatero. "Mowa wa Nachanza munalawako?"

"Ngakhale dontho, bwana."

"Ndipo matenda ndi omwewo a Njiri?"

"Omwewo, bwana. Tayezana tokha, wina kuyeza mnzake."

A Njati anatembenukira kwa Njiri. "Akapitawo, mwamva?"

Njiri anakanda pansi ndi chiboda. "Ndiye mukuti wandilodza ndani?"

"Chigongono chanu," anatero a Nungu. "Chimapindika kawirikawiri."

Bwalo linaseka, Njiri yemwe anaseka, ngakhale anachedwerapo.

"Nachanza," anatero a Njati, "vulani nsalu kumutu. Simuchoka. Mbiya zanu zibwerere pamoto, koma osati tsiku lililonse, ndipo amene maso ake ayamba chikasu musamupatse mpaka a Kadzidzi atanena kuti ayera. Boma lidzazanso nkhokwe, chifukwa sitinadziwebe kuti wodwala achira bwanji. Koma ndikadzamva kuti m'nyumba muja mwameranso mpanda, ndidzabwera ndekha ndi nyangazi. Mbiya imodzi, chipanda chimodzi, mlawi mmodzi."

"Mlawiyo alipo kale, bwana," anatero Gologolo, atadumphira kutsogolo, mchira uli m'mwamba ngati mbendera. "Ntchitoyi ndayizolowera."

"Chabwino. Koma poti onse tili pano, a Kadzidzi ayambe lero kuyeza maso. Imani pamzere. Ndipo mlawi wa boma akhale woyamba."

Gologolo anaseka. "Ine, bwana? Ine ndinangomeza kamodzi."

"Ndiye simuchedwa."

A Kadzidzi anamugwira chibwano, anamutsitsa chikope, anayang'ana nthawi yaitali. Anatsitsa chinacho.

"Uyu sanayambe dzulo," anatero. "Chikasu chake n'chakale, chakhazikika. Gologolo, kunyumba kwa mkazi wako amene amayamba kuona ngati mowa wapsa ndani?"

Gologolo anacheukira kwa mkazi wake.

"Ndi iwowa," anayankha Nachanza. "Amayamba usanapse, amapitiriza utapsa, amamaliza ndi masese a pansi."

"Ndiye ulawi sangaugwire," anatero a Njati. "Tipeza wina wa maso oyera."

Pobwerera kunyumba Nachanza anali patsogolo, Gologolo pambuyo. Anafika pakhomo. Nachanza analowa, anatenga chipanda cha mwamuna wake, anachikoleka pamwamba penipeni pa denga, kenaka anakumbukira kuti wakwatiwa ndi gologolo. Anachitsitsa n'kuchimangirira m'chiuno mwake ndi nsalu.

"Mayi," anatero Gologolo, "ine ndakupulumutsani."

"Mwandipulumutsadi, bambo, ndipo ndathokoza. Ndikanapita, mukanapeza wina wokufululirani, maliro anu n'kudzawamvera kwathu. Tsopano ndilipo." Anamupatsa chikho cha madzi. "Imwani. Mawa ndikufululirani thobwa."

Gologolo anayang'ana madzi aja, anayang'ana mkazi wake atakhala pakhomo la nyumba yawo, n'kumwa onse mpaka pansi.

Nthano yanga yafika kunsonga kwa mchira. Amene munakwirira chinangwa paphulusa kafukuleni, chingasanduke makala.